Injiniya Asankha Khola la Nkhuku

Pulani inabadwa Lachinayi masana, botolo lachitatu la uchema litangofika pa tebulo. Ndikudziwa chifukwa botololo ndinabweretsa ndine, pamodzi ndi mbale ya chinangwa ndi mutu wa nsomba wa tsabola. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuthira uchema m'shopu ya m'mphepete mwa madambo a mpunga kuno kufupi ndi Kottayam, ndipo mapulani obadwira pa tebulo la pakona ndamva ambiri. Ochuluka amafa eni ake asanafike n'komwe pamsewu. Iyi yokha inapulumuka, mwatsoka.

Mwini pulani anali Kuriachan, amene tonse timamutcha Injiniya chifukwa nthawi ina anawagwirira makwerero anthu a magetsi kwa masiku atatu, ndipo kuyambira pamenepo cholembera sichichoka kukhutu kwake. Kumanja kwake kunakhala Pappachan Hutala, woyendetsa oto yonyamula katundu, kagalimoto kaja ka matayala atatu. Iyeyu amaimbira hutala chilichonse: mbuzi, wansembe, ngakhale dzenje la mumsewu. Wachitatu anali Sadanandan Mbaleziwiri, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, wofatsa, amene dzina lake silifuna kumasulira. Atatuwa ankadzitcha "kampani". Chiyambireni kampaniyo inali itabapo mkoko umodzi wa nthochi zosakhwima ndi pampu ya madzi imene mwini wake anali atataya kale.

Vuto la tsikulo linali la kunyumba. Mkazi wa Injiniya, Leelamma, amene tonse timamutchula kuti Chechi, kutanthauza achemwali aakulu, ngakhale ife amene tinayamba kumeta ndevu iye asanabadwe, anali atalandira misoti isanu ndi umodzi ku gulu la amayi. Zinali nkhuku zake zoyamba, ndipo iliyonse anaipatsa dzina. Khola panalibe. Zinkagona m'dengu lovundikira kuseri kwa khitchini, ndipo nyenga anali atadya kale ziwiri.

"Wandiuza m'mawa uno," anatero Injiniya akupukusa tambula yake. "Akuti ikangosowa yachitatu, anyamula zotsalazo wa ku Pala kwa mayi ake. Akuti nkhukuzo zikadzandisowa zidzandiimbira foni."

"Ndiye gula khola, aise," anatero Hutala.

"Kugula ndi kwa anthu opanda mutu. Komanso ndamuuza kale kuti ndaitanitsa, lifika Lamulungu. Changotsala n'kudziwa kuti ndaitanitsa kwa ndani."

Mbaleziwiri anayamwa fupa la nsomba kwa kanthawi. "Achimwene, anthu amaba nkhuku. Sindinamvepo woba khola."

"Ndi pamene pagona luso pamenepo. Nkhuku imalira, khola sililira. Ndipo ndani amalondera khola? Bweretsa lachinayi, madala."

Lachisanu m'mawa anakwera oto kukasankha. Anthu ena amasankha khola m'sitolo. Kampani inkasankha posuzumira pa mipanda ya eni ake.

Loyamba linali la a Gopalan, aphunzitsi opuma ntchito: khola lamatabwa, lakuda bii ndi oilo wakale, loima pa miyendo inayi yofika m'chiuno. Mbaleziwiri, amene anakulira kwa azakhali ake oweta nkhuku, analiyang'ana ngati waona mbale yachitatu.

"Ili ndiye khola, achimwene. Lili m'mwamba, madzi a mvula azingodutsa pansi. Taonani waya wakeyo, ngakhale chala sichingalowe. Ndiye pansipo pali lata lokoka, mukangokoka…"

"Likuoneka ngati bokosi la maliro a munthu wosakondedwa. Mkazi wanga akufuna chinthu choti amayi a m'gulu akabwera azigwira pakamwa. Tiye, Hutala."

Lachiwiri linali lawaya lokhalokha, la kuseri kwa nyumba ya wogulitsa mankhwala. Hutala analikonda chifukwa linali lopepuka. Injiniya anati ndi choyanikira mbale.

Kenako anafika kwa bwana Mathukutty. Bamboyu anagwira ntchito ku Dubai zaka makumi atatu, ndipo atabwerako anamanga nyumba ya nsanjika ya pinki, ya zipilala zoyera kutsogolo. Atamva kuti mazira a pakhomo ndi abwino kwa munthu wa shuga, anaitana kalipentala n'kumuuza kuti nkhuku zake zimangiridwe nyumba yofanana ndi yakeyo. Ndipo zinaterodi. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kunaima khola la nsanjika la pinki, la khonde, la tizipilala toyera, la timawindo tagalasi, ndi kansanja pamwamba. Pansi pake panali matayala anayi.

Injiniya anatsamiritsa chibwano pa mpanda, maso ali pa kholalo.

"Anachita kutiikira matayala," anatero. "Munthu wa Mulungu ameneyu."

Zina zonse zinangogwera m'malo. Lamulungu lomwelo mwana wamwamuna wa Mathukutty ankakwatira, ukwati wake ku tchalitchi cha kwawo kwa mkwatibwi, ulendo wa ola lathunthu. Nyumba yonse, antchito omwe, inkanyamuka m'mawa pa mabasi awiri, kubwerako cha m'ma fili koloko. Ineyo ndinali woitanidwa, choncho zimene sindinaone ndi maso anandiuza eni ake pambuyo pake, aliyense payekha, aliyense akuloza mnzake.

Lamulungu, leveni koloko, dzuwa lili phwee. Kampani inatsika pa geti itavala malaya abuluu ofanana ndi zipewa, kuti woona aziti ndi anthu okonza zinthu. M'mudzi muno palibe amene sadziwa msana wa Mbaleziwiri, koma chipewa anavala ndithu.

Pa geti panali loko wamkulu ngati chikhatho. Injiniya anatulutsa kawaya m'thumba, anagwada, n'kuyamba kutokosa. Panapita mphindi makumi awiri. Thukuta linatsikira m'maso.

"Loko wa ku Dubai uyu," anafotokoza. "Ali ndi mano asanu ndi awiri."

Mbaleziwiri anatopa kuima, anatsamira geti, ndipo geti linayenda chammbali mwakachetechete mpaka kutseguka lonse. Lokoyo anali atangokolowekedwa pa chitsulo chimodzi.

"Ndinali nditamufewetsa kale," anatero Injiniya akudzuka.

M'kholamo munalibe nkhuku. Zonse khumi ndi ziwiri zinali pa nthambi za mango, zikuyang'ana pansi ngati zikuonera mpira. Mbaleziwiri analowetsa mutu pa chitseko, ananunkhiza, n'kukanda m'khosi.

"Achimwene, bwanji mulibe ngakhale chitosi chimodzi muno?"

"Nkhuku za olemera zili ndi ulemu. Kankha."

Kukankha kunali nkhondo. Matayala anali okongola koma aang'ono, ndipo ankamira m'dothi lonyowa. Anayala matabwa awiri kukwezera m'oto, thabwa limodzi linathyoka, Hutala anatukwana makolo a mtengo umene linachokera. Khola litakwera, tayala lakutsogolo la oto linanyamuka n'kuyang'ana kumwamba, ndipo silinatsike mpaka Mbaleziwiri atakhala kutsogolo, theka la thupi lili kunja. Lona wofundikira anachepa. Anabisa khonde ndi mawindo, koma kansanja ndi nsonga za tizipilala zinatsala pamtunda. Injiniya anaimirira kumbuyo atakumbatira katundu wake.

"Pang'onopang'ono, ndipo hutala usamukhudze."

Hutala anapirira mpaka pa mphambano. Pamenepo anthu anali akungotuluka kumene mu Misa yachiwiri, ndipo dzanja linapita lokha. Onse anatembenuka. Amayi achikulire ataona kansanja ndi tizipilala tikuyenda mwaulemu chotero, anaganiza kuti ndi kanyumba konyamuliramo fano la woyera mtima pa chikondwerero, n'kuyamba kuchita chizindikiro cha mtanda. Bambo wina anachotsa thaulo paphewa n'kuweramitsa mutu. Injiniya, posowa chochita, anakweza dzanja lamanja n'kuwadalitsa.

Chechi anawapeza akutsitsa khola pabwalo. Anatuluka m'khitchini akupukuta manja, misoti yake inayi ikumutsatira kumapazi. Injiniya anakoka lona ndi dzanja limodzi ngati nduna yotsegulira mlatho.

"Leelamma, si ili. Unkati ine ndimangolankhula."

Chechi sanagwire pakamwa. Anazungulira kholalo kamodzi, pang'onopang'ono. Anazungulira kachiwiri. Kenako anawerama, ananyamula msoti umodzi wotchedwa Ponni, anauika m'kati n'kutseka chitseko. Ponni anayang'ana uku ndi uku, anayenda mpaka pa khonde, anadutsa pakati pa tizipilala tiwiri, n'kudumphira pansi kubwerera kumapazi kwa mwini wake.

"Pamene patulukira nkhuku," anatero Chechi, "nyenga alowapo ndi mkazi wake ndi apongozi ake."

"Pamenepo tingoikapo kawaya, alamu," anatero Hutala.

"Mawindowa amatseguka?"

Injiniya anayesa limodzi. Magalasi anali omatiridwa.

"Ndiye m'mwezi wotentha wa Epulo ndizidzatulutsamo nkhuku zowotcha kale. Pogona pake ndi pati? Nkhuku imagona pa ndodo, bambo, sigona pa matailosi ngati mlendo wa ku hotela. Poikira mazira ndi pamwamba apo? Ndiye m'mawa uliwonse ndizikwawa ndi mimba kulowa m'katimu, ine mayi wa ana akuluakulu? Nanga zitosi ndizichotsera pati, pa kansanjapo?"

Mbaleziwiri ankangogwedeza mutu kuvomereza, mpaka Injiniya anamuponda phazi.

"Koma kukongola kwake wakuona?"

"Ndakuona. Inunso pa tsiku la ukwati munkaoneka bwino. Kalibwezeni kumene mwagula, akupatseni lina."

"Lero Lamulungu, atseka. Komanso n'kutali, ku Kochi."

Chechi anali atagwada kale pambali pa chitseko. Pamenepo panali kachitsulo kakang'ono kokhomedwa ndi misomali, kolembedwa dzina la kalipentala ndi nambala yake. Anatulutsa foni m'chiuno. Amuna atatu aja anaima njo, akumvetsera foni ikuitana.

Chechi sanachedwe pa foni. Anafotokoza kholalo, anamvetsera, anati "Oo" kawiri, anathokoza, n'kudula. Kenako anayang'ana mwamuna wake mwachifatse choopsa.

"Akuti khola lotere anapanga limodzi lokha m'moyo wake, ndipo amachita nalo manyazi mpaka lero. Akuti analangiza bwana Mathukutty kuti ndi nyumba ya zidole, koma sanamve." Anayang'ana dzuwa. "Panopa akudya mpunga wa ukwati. Akamaliza kudya phala la shuga akwera mabasi. Mukachedwa, inenso ndikwera yanga."

Ulendo wobwerera unali wothamanga, ndipo lona anatsala pabwalo. Khola la pinki linadutsa pa mphambano lili mbulanda, ndipo amayi amene analichitira chizindikiro cha mtanda aja, omwe tsopano anali pa mzere wogula nsomba, analiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Anafika itangokwana hafu pasiti thu. Anatsitsa, anakankha, analowetsa pansi pa mango. Hutala anathamangira ku oto n'kuliza injini. Akanachoka nthawi imeneyo bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma Injiniya ndi injiniya.

"Dikirani. Matayala akhale ndendende m'mapazi ake akale. Wakuba wanzeru sasiya chizindikiro."

Anakankha kutsogolo, anabweza pang'ono, anakhotetsa. Kenako anaona kuti kamakwerero kam'kati, kokwerera nkhuku ku nsanjika, kagwa m'njira.

"Zisiyeni, achimwene," anatero Mbaleziwiri.

"Ntchito yanga sindisiya yopanda mutu."

Anapinda nsalu yake ya m'chiuno mpaka m'maondo, anagwada, n'kukwawira m'kati. Mapazi atangolowa, chitseko chinabwerera chokha, ndipo mpiringidzo wake wachitsulo unagwera m'malo mwake, khwa. Pa khola lonselo chinthu chokhacho chimene kalipentala anachipanga ndi mtima wonse chinali chimenecho. Mbaleziwiri anayesa kuukweza, zala zake zonenepa zinakanika kulowa pa kampata kake. Anakoka ndi mphamvu, chogwirira chinatsalira m'manja.

Nthawi yomweyo mabasi awiri anakhota kulowa m'kanjira ka kwa Mathukutty, galimoto ya maluwa ya akwati ili patsogolo. Kanjirako n'kopapatiza, mpanda uku mpanda uku, ndipo oto inali itaima pakati. Hutala anaganiza zochenjeza anzake mwachinsinsi. Chinsinsi chimene amachidziwa n'chimodzi. Anagona pa hutala.

Ine ndinali m'basi yoyamba, pa windo. Tinatsika tonse, anthu oposa zana, ovala zoyera ndi zagolide, kudzaona chimene chikuchitika. Ojambula zithunzi, amene anawalemba ntchito kuti asaphonye kanthu, anathamanga patsogolo. Tinapeza Mbaleziwiri ataima ndi chogwirira m'manja, chipewa chili pachifuwa ngati ali pamaliro. Ndipo pa windo la m'munsi la khola la pinki panali nkhope ya Kuriachan, mphuno itaphwatalala pa galasi.

Woyamba kuyandikira anali mayi Sosamma, mkazi wa Mathukutty. Anawerama, anasuzumira, n'kutembenukira kwa mwamuna wawo.

"Mwaona, bambo? Munkadandaula chaka chonse. Chapezeka chamoyo chovomera kukhalamo."

Anthu anaseka mpaka mkwatibwi anabisa nkhope m'maluwa. Mathukutty nayenso anaseka, chifukwa linali tsiku labwino ndipo mimba inali yodzaza. Koma pakati pa alendo panali amalume a mkwatibwi, mkulu wa apolisi wa ndevu zapamlomo zopotana, amene sanaseke. Anafunsa kuti anthuwa akufuna chiyani pakhomo pa eni.

"Timaona ngati mpiringidzo ukugwira bwino, bwana," anatero Hutala. "Ukugwira."

"Asiyeni, achimwene," anatero Mathukutty. "Lero ndi tsiku la chimwemwe. Palibe chasowa. Ndimawadziwa awa, ndi ana a m'mudzi muno. Mwina anafunadi kuliba, koma taonani okha anthu ake. Khola ili linabwera pa lole, analitsitsa amuna asanu ndi atatu. Atatu awa sangalisunthe ngakhale phazi limodzi. Atseguleni, apatseni mpunga azipita."

Mkulu wa apolisi anakweza mapewa n'kuyamba kutembenuka. Mbaleziwiri anapuma mozama. Hutala anali atayamba kale kuyang'ana kumene kuli mapoto.

Ndiye m'kholamo munamveka kutsokomola.

"Pepani, bwana Mathukutty," anatero mawu a m'kati. "Phazi limodzi mwatero?"

"Achimwene," ananong'ona Mbaleziwiri.

"Ayi, choona chizinenedwa. Khola ili lachoka pano cha m'ma leveni koloko. Lafika kwathu, makilomita atatu, latsitsidwa, laonedwa, lakwezedwanso, labwerera, ndipo laima m'mapazi ake enieni. Anthu atatu, matabwa awiri, limodzi lothyoka. Lole ya chiyani? Ngati mukukayika kafunseni amayi a pa mphambano, atiwona kawiri konse. Amuna asanu ndi atatu ajawo anakudyerani ndalama chabe."

Mkulu wa apolisi anatembenukanso, pang'onopang'ono, nkhope yake itawala koyamba tsiku lonselo.

"Tabwerezani, bambo," anatero mwaulemu. "Muyambire pa leveni koloko."

Ndipo Injiniya anabwereza, mosadumpha kanthu, wojambula kanema atamuyandikizira makina ake pa windo kuti mawu amveke bwino.

Lolemba masana ndinaperekeza Chechi ku polisi, iye atanyamula mpunga wokulunga m'masamba a nthochi, mapaketi anayi, awiri a Mbaleziwiri. M'njira anandiuza kuti kalipentala uja anali atafika kale m'mawa kudzayeza malo kuseri kwa khitchini, wokondwa kuti apanga khola loti nkhuku n'kugonamo. Za ku Pala sanatchule, inenso sindinafunse.

Tinawapeza atatuwo atakhala pansi m'chitolokosi. Hutala ankayang'ana khoma. Mbaleziwiri ankayang'ana mapaketi. Injiniya yekha anali chilili, akuyeza mpata wa pakati pa zitsulo ndi zala.

"Leelamma, ndakhala ndikuganiza," anatero. "Taona muno. Zitsulo zayandikana bwino. Mphepo ikulowa apa n'kutulukira pa kawindo ako. Pansi mpa simenti, ndowa imodzi ya madzi basi mwayera. Chakudya amaperekera kunja, osachita kukwawa. Ndikangotuluka ndikumangira lotere."

Chechi anaika mpunga pansi. Anayang'ana denga, anayang'ana pansi. Anayesa kulowetsa dzanja pakati pa zitsulo, anagwedeza chitseko, anakoka loko kawiri. Kenako anagwedeza mutu mokhutira.

"Ili ndiye mwasankha bwino," anatero.

Anatembenukira kwa wapolisi amene anakhala pa tebulo, n'kumufunsa mwaulemu ngati amalola kuwonjezera masiku, mpaka kalipentala amalize ntchito yake popanda womuthandiza nzeru.